Chinkhwe cha Achimwene Des

M'chigwa chonse cha kumtunda kwa Bega panalibe amene sankadziwa kuti Glenys Ferrier amaopa mbalame. Njoka sankaziopa. Akaipeza yakuda ija ya kumimba kofiira itadzipinda pansi pa thanki yamadzi, ankangoiuza kuti isamuke, iye n'kupitiriza kuyanika zovala. Akangaude akuluakulu ankawatulutsa m'nyumba ndi kapu. Koma nkhuku ikangokupiza mapiko pafupi naye, mayi wamkulu ameneyu, wa imvi mbuu, ankabisa nkhope m'manja ngati kamwana.

Zinayamba ali wamng'ono, atangoyamba kumene sukulu. Unali mwezi wa Seputembala, nyengo imene mbalame zotchedwa magipai zimakhala ndi ana m'zisa ndipo zimalusa koopsa. Iye ndi mchimwene wake Des ankadutsa pansi pa mitengo ya bulugamu kupita kokadikira basi. Glenys anangomva kamphepo kukhutu, kenako china chake chinamugogoda pafupi ndi diso lakumanzere. Magazi anadzaza m'diso moti ankaganiza kuti lathudzuka. Des anayamba waseka kaye, monga amachitira anyamata, koma ataona magaziwo anamubereka n'kuthamanga naye kubwerera kunyumba. Diso linapulumuka. Chinatsala ndi kachipsera koyera, ndi mantha amene sanamuchokerenso.

Atamaliza sukulu anayamba ntchito kufakitale ya chizi, m'chipinda chozizira chosungiramo katundu. Anzake ankadandaula kuti zala zikuuma, koma iye ankati malowo ndi abwino chifukwa alibe mawindo ndipo simulowa chouluka. Anakwatiwa ndi Ron Ferrier, munthu wofatsa wokama ng'ombe pafamu ya eni ake. Ron ankafunitsitsa nkhuku pakhomo, koma Glenys anakaniratu kwamtuwagalu, moti banja lawo lokha m'dera lonselo ndi limene linkagula mazira kusitolo. Anabereka mwana mmodzi, Kerryn, amene atakula anapita kukagwira ntchito ku Canberra. Ron atamwalira ndi matenda a mtima, Glenys anatsala yekha m'kanyumba kawo kamatabwa, kumapeto kwa msewu wafumbi, nkhalango itakazungulira mbali zitatu.

Des sanakwatire. Moyo wake wonse ankayendetsa chigalimoto chotolera mkaka m'mafamu, ndipo atapuma pantchito nyumba inamukulira. Tsiku lina anabwerako kutauni ndi kachinkhwe ka mtundu uja amautcha konyuwa. Kanali kakang'ono moti kakanakwana m'thumba la jekete: msana wobiriwira, masaya obiriwira, pachifuwa potuwa ngati mamba a nsomba, mchira wautali wofiirira. Anakatcha Sajeni chifukwa kankayenda patebulo chifuwa chili patsogolo, n'kumayendera mbale iliyonse ngati kakuyendera asilikali. Des ankadya nako, kuonera nako mpira, ndipo kakatopa kankalowa m'malaya mwake n'kugona pachifuwa, kamchira kokha kakuonekera pakhosi.

Glenys akamapita kukamuona ankaimba kaye foni ali pageti kuti chilombocho achitsekere. Des ankaseka mpaka kutsokomola. Ankati nkhalamba yathunthu, yoti inapha njoka ndi fosholo, ikuthawa kanthu kolemera ngati dzira. Koma ankakatsekera ndithu. Kamodzi kokha, pa Khirisimasi, anaiwala kukhoma bwino chitseko cha khola. Sajeni anauluka n'kukatera pamutu pa Glenys, mbale ya nyama ili m'manja. Mbaleyo inasweka, Glenys anatuluka osatsanzika, ndipo panapita miyezi asanapondenso pakhomopo.

Kenako Des anagwidwa sitiroko. Anamupeza atagwa m'khichini, Sajeni atakhala paphewa pake akumukoka khutu. Kuchipatala anatsitsimuka, koma mbali yakumanja inali itafa ndipo pakamwa panapotoka. Glenys atafika, Des anamugwira dzanja ndi dzanja lake labwinolo n'kuyamba kulimbana ndi lilime. Glenys ankaganiza kuti akufuna madzi kapena nesi. Patapita nthawi mawu anatuluka, amodzi okha.

"Sajeni."

"Achimwene, musandipemphe zimenezo," anatero Glenys. "Chilichonse ndichita, koma chimenecho ayi."

Des anangomuyang'ana, malovu akutsikira pachibwano, dzanja osalisiya.

Glenys anayesa kwina konse. Kerryn anali ndi amphaka awiri m'nyumba yalendi. Mayi wina wa kutchalitchi anavomera, koma mwamuna wake anakana. Pamapeto pake Merv Dunphy, woyandikana naye nyumba amene ankaweta ng'ombe kutsidya kwa khwawa, ananyamula chikhola chawaya chija pa pikapu yake n'kudzachiika m'chipinda chakumbuyo kwa Glenys. Chinali chachitali ngati kabati, moti anachita kuchotsa chitseko kuti chilowe. Merv, nkhalamba yoonda yokonda kunyogodola, anati tsopano a Glenys apeza mwamuna wachiwiri, ndipo uyu ndi waudindo.

Masabata oyamba anali a chintchito. Glenys ankavala magolovesi a uvuni, chipewa cha Ron ndi magalasi a dzuwa, n'kumalowetsa tizidutswa ta maapozi m'khola ndi mbaniro yowotchera nyama. Sajeni ankamuyang'ana ndi diso limodzi, mutu atapendeketsa, kenako n'kulumpha mwadzidzidzi kudzagwira waya. Nthawi iliyonse mtima wa Glenys unkachita ngati ukutulukira pakamwa. Choopsa china chinali chakuti kambalameko kankatsokomola ndendende ngati Des, chifuwa cha munthu wosuta fodya. Glenys akamatsuka mbale n'kumva kutsokomola kumeneko m'nyumba yopanda munthu, tsitsi linkamuimirira.

Des anamusamutsira kunyumba yosungirako okalamba kutauni, ndipo zinadziwika kuti kwawo sadzabwereranso. Sajeni anayamba kudzizula nthenga pachifuwa mpaka khungu kuonekera. Dokotala wa ziweto ananena kuti mbalame zamtundu umenewu sizitha kukhala zokha. Zikasowa wozigwira zimadzidya. Anati azikatulutsako tsiku lililonse. Glenys anamanga chingwe pachitseko cha khola, n'kuchidutsitsa pansi pa chitseko cha chipinda. Ankakoka chingwecho ali kunja, n'kumamvetsera mapiko akuti phuphuphu mkatimo, manja ake ali thukuta lokhalokha. Madzulo kambalameko kankabwerera kokha m'khola kukadya, iye n'kusuzumira pawindo, n'kulowa mothamanga kukatseka. Anakhala motero nyengo yonse yozizira. Nthenga zinameranso pang'ono. Kukagwira ndi dzanja sanakagwirepo.

Chaka chimenecho mvula inakana. Udzu unauma mpaka unkathetheka pansi pa nsapato, khwawa linasanduka mchenga, ndipo bulugamu anayamba kuthothola masamba nthawi yake isanakwane. Pofika Disembala kumapiri kunali kukuyaka. Utsi unakhazikika m'chigwa osachoka, dzuwa n'kumaoneka ngati lalanje lovunda. Dokotala uja anachenjeza kuti utsi umapha mbalame msanga kusiyana ndi munthu, choncho Glenys anatseka mawindo onse n'kutsekera matawulo onyowa m'munsi mwa zitseko. Kerryn ankaimba tsiku ndi tsiku kuti amayi achoke abwere ku Canberra. Glenys ankayankha kuti moto uli kutali, kuseri kwa mapiri, ndiponso khola silingalowe m'kagalimoto kake. Kakhola koyendera kanatsala kunyumba kwa Des, ndipo ankangoti akakatenga mawa.

Tsiku lake linafika mmawa. Glenys anadzuka n'kupeza mphepo yatembenuka, ikuchokera kumpoto chakumadzulo, yotentha ngati mpweya wa mu uvuni. Malata ankalira. Ali pakati pomwa tiyi foni inalira kulira kwachilendo, ndipo uthenga wake unali woti onse a m'chigwacho achoke nthawi yomweyo. Anatuluka pakhonde. Kumwamba konse kunali psuu, ndipo masamba akuda, opserera, ankagwa pabwalo ngati mvula. Anatola limodzi. Linali lotentha.

Magetsi anazima. Mpope wamadzi unaima. Kenako kunayamba kuda, osati pang'onopang'ono ngati madzulo, koma ngati munthu akukokera bulangete pamwamba pa chigwa. Posakhalitsa sankathanso kuona geti lake lomwe.

Nyali ziwiri zinatulukira mumdimamo, hutala ikulira. Anali Merv, galu wake ali pampando wakutsogolo. Sanatsike.

"A Glenys, lowani m'galimoto mwanu muzinditsatira. Moto wadumpha kale msewu wakumtunda."

"Nanga Sajeni?"

"Tsegulani windo aziona yekha. Si ali ndi mapiko?"

Glenys anati kanthu kobadwira m'khola sikangadziwe kolowera mumdima ngati umenewu. Merv anatukwana pang'ono, nati akukadula waya kuti ng'ombe zake zithawe, ndipo akamudikira pamphambano, koma osati nthawi yaitali. Nyali zija zinatembenuka n'kumezedwa ndi utsi.

Glenys anatenga tochi ndi katoni ya nsapato. Magolovesi sanawapeze. Anaima pakhomo pa chipinda chakumbuyo akumva kambalameko kakudzimenyetsa m'waya ndi kulira kulira kumene anali asanakumvepo, kwakuthwa ngati mluzu. Anaganiza zoika katoniyo pakhomo pa khola kuti kalowemo kokha. Atangotsegula, Sajeni anatuluka ngati mwala wa legeni, phiko n'kumukhudza patsaya. Glenys anaponya katoni ndi tochi yomwe, n'kugwada pansi mikono ili kumutu. Tochi inagubuduzika n'kukaunika khoma. Pamwamba pake mapiko ankangozungulira, kugunda denga, kugunda windo, kugundanso denga. Anakwawa mpaka kutuluka m'chipindamo.

Sakumbukira mmene anafikira m'galimoto. Anangozindikira ali pachiwongolero, injini ikulira, chikwama chili pamiyendo. Kuseri kwa nyumba, pamwamba pa phiri, kunaoneka mzere wofiira umene unkakula akuuona. Kunkamveka mkokomo wapansipansi ngati sitima yapamtunda ikubwera patali. Anadziuza kuti wayesetsa, ndipo palibe amene angamunene. Anadziuza kuti Des sangafune kuti mlongo wake apsere kambalame. Analowetsa giya.

Chitseko cha nyumba anali atachisiya chosatseka, ndipo mphepo itangodukiza pang'ono anamva kutsokomola. Kunali kutsokomola kwa Des. Sanadziwe ngati kambalameko kakungoyerekeza monga mwa masiku onse, kapena utsi wayamba kukatsamwitsa. Anakhala kanthawi atagwira chiwongolero. Kenako anatsika, injini osazimitsa.

M'nyumbamo utsi unali utalowa kale. Anayenda chopapasa khoma mpaka pakhomo pa chipinda chija. Mapiko anali atasiya. Tochi inkaunikabe pansi, koma Sajeni sankaoneka. Glenys anali asanakaitanepo ndi dzina. Anayesa, mawu n'kutuluka ngati a munthu wina.

"Sajeni. Bwera kuno, iwe. Bwera, tizipita."

Chinthu chinatera paphewa pake. Glenys anatseka maso, n'kuuma thupi lonse ngati chitsa. Anamva tizikhadabo tikuyenda pakhosi, nthenga zikumukhudza kukhutu, mlomo wolimba uli pafupi ndi diso lake. Anadikira kujompha. Koma kambalameko kanangotembenuka, kulowetsa mutu pakhosi pa bulauzi, n'kutsetserekera mkati. Kanakhazikika pachifuwa, zikhadabo zitakola pakhungu, kamtima kake kakugunda mofulumira moti sikankawerengeka.

Glenys anatuluka akuyenda ngati wasenza mtsuko wodzaza, mikono ili kutali ndi thupi. Anatola bulangete laubweya limene linali pampando wa pakhonde, chifukwa kuyambira ali mwana anawaphunzitsa kuti pothawa moto usasiye bulangete laubweya. Analowa m'galimoto. Lamba sanamange poopa kukafinya.

Msewu umene anauyenda zaka zonse za ukwati wake sanauzindikire. Nyali zinkangounika utsi. Ankayendera m'mphepete, akuyang'ana timitengo toyera ta m'mbali mwa msewu, kamodzikamodzi. Timakala tamoto tinkawoloka msewu chouluka, ndipo paliponse pamene tagwa udzu unkayaka nthawi yomweyo. Kangaruu anatulukira kutsogolo, anaima n'kumuyang'ana, n'kulumphira kumene kunali moto komweko. China chake chinagwera pagalasi lakutsogolo n'kutsetsereka. Chinagwanso china. Zinali mbalame zakutchire, zikugwa kuchokera kumwamba zitafa kale. Glenys anakuwa, galimoto n'kukhotera kudzenje, ndipo Sajeni anamuluma pachifuwa mwamphamvu. Ululuwo ndi umene unamubweza. Anawongola galimoto n'kupitiriza, akulira chamumtima, magazi akuyenderera pamimba.

Pamphambano anapeza pikapu ya Merv itaima chopingasa. Merv anabwera pawindo atadziphimba kukamwa ndi chipewa. Anati njira yakutauni yatsekeka, chimtengo chagwa chikuyaka, ndipo kubwerera sikungatheke. Chotsala n'kutsikira kumlatho wa simenti, pamene mtsinje unasiya kadziwe. Anasuzumira kumpando wakumbuyo n'kufunsa ngati mbalame ija waisiya. Glenys analoza pachifuwa ndi chibwano. Merv anayang'ana kamchira kofiirira kali pakhosi pa bulauzi, n'kubwerera ku pikapu yake.

Magalimoto anawasiya pamchenga, kutali ndi mitengo. Anatsetsereka pagombe, Merv atanyamula galu, Glenys dzanja limodzi lili pabulangete, lina litaphimba pachifuwa. Aka kanali koyamba kukagwira, ngakhale panali nsalu pakati. Pansi pa mlathopo madzi anali ofika m'mawondo, obiriwira, onunkha. Ananyika bulangete n'kukhala m'madzimo, misana itatsamira chipilala. Glenys anakhala mowongoka kuti madzi asafike pachifuwa.

Maso atazolowera mdima, anaona kuti sali okha. Pa kashelefu ka simenti pamwamba pa mitu yawo, pamiyala ya m'mphepete mwa dziwe, ngakhale pamchenga pafupi ndi mapazi awo, panali mbalame. Zinali zambiri, zamitundumitundu, zazikulu ndi zazing'ono, zimene masiku onse zimadyana. Zinangoti duu, milomo yotsegula, mapiko atagwa. Mbalame ya magipai inali pamwala woti Glenys akanatha kuukhudza ndi dzanja. Inkamuyang'ana.

"Merv, sindingathe. Nditulutseni muno."

"Mupita kuti, mayi? Kunjaku mukasanduka nyama yowotcha. Tsekani maso. Izi lero sizikufunani, nazonso zili pamavuto awo."

Glenys anayesa kudzuka, koma Merv anamukokera pansi n'kufunditsa bulangete lija onse awiri pamodzi ndi galu. Mkati mwake munali mdima ndi fungo la ubweya wonyowa. Merv anayamba kuyankhula zilizonse, mawu ake akunjenjemera. Anati akadziwa anthu akutchalitchi kuti anafunda bulangete limodzi ndi mkazi wa Ron, amudula. Anati Ron yemweyo akuwaona, ndipo akuseka. Kenako mawu ake sankamvekanso chifukwa moto unali utafika.

Mkokomo wake unali woti munthu sungaganize kanthu. Mlatho unkanjenjemera. Mitengo inkaphulika ngati mfuti mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo kuwala kofiira kunkalowa ngakhale m'bulangete. Mpweya unatha. Glenys ankakoka koma m'chifuwa simunkalowa kanthu, kukhosi kukuwotcha ngati wameza makala. Bulangete linayamba kutuluka nthunzi pamsana. Merv ankalinyowetsa ndi chipewa, akupemphera ndi kutukwana mosinthanasinthana. Glenys anawerama, manja onse awiri ataphimba pachifuwa, n'kumapumira pang'onopang'ono m'khosi la bulauzi, poganiza kuti mwina mpweya wochokera m'kamwa mwake uli ndi utsi wochepa. Ankaganiza za Kerryn, kuti adzamva bwanji, ndipo adzamuuza ndani.

Sanadziwe kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Mkokomo unayamba kusunthira kummawa. Mdima unasanduka kufiira, kufiirako n'kusanduka chikasu chodetsedwa. Merv anachotsa bulangete. Nkhope yake inali bii, nsidze zitapserera. Galu ankanyambita madzi. Mbalame zina zinali zitagwera m'dziwe ndipo zinkayandama, zina zinali pomwe paja.

Pachifuwa pa Glenys panali zii. Zikhadabo zija sizinkakolanso. Kamtima kaja sankakamva, kaya chifukwa wake womwe unkagunda kwambiri. Merv anamufunsa ngati Sajeni ali moyo. Glenys anapukusa mutu, nati sakudziwa, ndipo sangayang'ane. Merv anati ayang'ane iyeyo, koma anazindikira pamene pali mbalameyo n'kubweza dzanja.

Glenys anamasula batani limodzi, kenako lachiwiri. Analowetsa dzanja, lopanda golovesi, n'kukatulutsa. Kanali kopepuka kuposa mmene ankaganizira, kofunda, kofewa ngati thonje. Kanagona chagada m'dzanja mwake, miyendo ili m'mwamba, maso otseka. Glenys anaviika chala m'madzi n'kudontheza pamlomo pake. Palibe chinachitika. Anadonthezanso. Kalilime kakuda kanasuntha. Diso limodzi linatseguka, ndipo kambalameko kanagwira chala chija ndi phazi, n'kuchiluma, koma mopanda mphamvu.

"Kaluma," anatero Glenys.

"Ndiye kali bwino," anatero Merv, n'kuyamba kulira ngati mwana.

Ozimitsa moto anawapeza chakumasana, atadula chimtengo chija ndi macheka. Galimoto ya Glenys inali itasungunuka matayala. Anawatengera kubwalo la zionetsero kutauni, kumene kunali anthu mazanamazana, mahachi, agalu ndi ana olira. Mtsikana wina wothandiza odwala anatsuka mabala a pachifuwa pa Glenys n'kufunsa chimene chamukala chonchi. Glenys anamuonetsa. Wina anabweretsa kabasiketi konyamulira mphaka, ndipo Sajeni anagona mmenemo pa thawulo, akupuma movutikira, mchira ukukwera ndi kutsika. Kerryn anafika patapita masiku, misewu itatsegulidwa, n'kupeza amayi ake atakhala pamatiresi, akudyetsa mbalame phala la ana ndi kasupuni.

Nyumba ya Glenys inapsa theka. Chipinda chakumbuyo chinatheratu, khola lija n'kutsala waya wopindikapindika. Merv anataya shedi ndi ng'ombe zingapo, zina anachita kuziwombera yekha chifukwa cha mabala. Nyumba ya Des inatsala chumuni chokha.

Panalibe amene anafuna kukamuuza Des, choncho anapita Glenys. Anamupeza pa njinga ya olumala pafupi ndi windo, ataonda, akuyang'ana utsi umene unali usanathebe. Anesi anati kuyambira tsiku la moto lija sankafuna kudya. Glenys anakhala pambali pake n'kumuuza zonse mosabisa: nyumba, zithunzi za makolo awo, chigalimoto chakale chimene ankachikonza kuseri. Des ankangogwedeza mutu, misozi ikutsika mbali imodzi. Atamaliza, Des anayamba kulimbana ndi lilime, ndipo Glenys anaona kuti akuopa kufunsa.

Anavundukula thawulo pa kabasiketi kaja. Nkhope anaitembenuzira kumbali potsegula. Sajeni anatuluka mwaulesi, n'kuima pa bondo la Des. Anamuyang'ana kanthawi ngati akumukumbukira, kenako anakwera ndi mlomo ndi mapazi, batani ndi batani, mpaka paphewa. Des anaseka ndi theka la pakamwa. Analoza mabandeji amene ankaonekera pakhosi pa Glenys, n'kukweza nsidze.

"Ndi mwana wanuyu, achimwene," anatero Glenys. "Simunamulere bwino."

Des anakhala ndi moyo mpaka nyengo yozizira yotsatira. Glenys ankapita ndi Sajeni Lamlungu lililonse, ndipo nkhalamba zina za m'nyumbamo zinkamudikirira pakhomo.

Kuchigwa kuja Glenys sanabwerereko. Anapeza kanyumba kanjerwa kutauni, pakati pa nyumba zina, kopanda mtengo pafupi. Merv anamanganso shedi yake ndipo amadutsa akabwera kudzagula zakudya za ng'ombe, n'kumafunsa ngati bambo a m'nyumba alipo, kunena Sajeni. Sajeni anachira, kungoti mawu ake anasasa, ndipo akauluka pang'ono amapuma mwawefuwefu. Dokotala anati akhoza kukhalabe zaka zambiri, mwina kuposa mwini wake, moti Kerryn wayamba kale kufunsa anthu mmene amphaka angakhalire ndi mbalame.

Mantha a mbalame sanathe. Sajeni akauluka mosayembekezereka Glenys amabisabe nkhope, ndipo mbalame za anthu ena sayandikira. Koma tsopano ali ndi mantha ena aakulu. Mphepo ikangotembenuka n'kuyamba kuwomba yotentha kuchokera kumpoto chakumadzulo, amasiya chilichonse chimene akuchita. Amaika kakhola katsopano koyendera pafupi ndi chitseko, makiyi a galimoto m'thumba, n'kukhala pampando woyang'ana kumapiri, wailesi ili pambali. Anthu oyandikana naye anazolowera. Mayi wa nyumba yachiwiri amabwera ndi tiyi n'kukhala naye, osayankhula zambiri, mpaka mphepo itatembenukanso n'kuyamba kuchokera kunyanja.